Chitseko cha Bambo Ignasio Goliati

Malemu Bambo Ignasio Goliati anabadwa pa 14 Malichi 1961, m'mudzi muno kwa Mbulumbuzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gregorio, mng'ono wawo bere limodzi. A mpingo andipempha kuti ndifupikitse. Ndifupikitsa, koma sindibisa kanthu.

Sukulu anayamba mu 1968, nalekezera Sitandade 7. Mu 1979 anapita kumishoni kukaphunzira ukalipentala, ntchito imene anaigwira mpaka mphamvu zitawathera. Ena mwa mabenchi amene mumakhalira m'tchalitchi anakhoma ndi iwowa.

Mu 1986 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Esnat a kwa Mauwa, napita kukakhala kuchikamwini monga mwa mwambo wathu. Kumeneko anakhala zaka 38. Njerwa anaumba okha, nyumba yamalata anamanga, naikhomera chitseko cha m'bawa chimene anachipala sabata yathunthu. Apongozi awo atamwalira, bokosi anakhoma ndi iwo. Masiku amenewo panalibe wowatcha mlendo.

Mu Epulo 2024 chakudya chinayamba kuwavuta kumeza. Kuchipatala cha mishoni anawatumiza ku Blantyre, kumene madokotala anapeza khansa yakummero itafalikira kale. Anauzidwa mosapsatira kuti sachira. Malemu sanadandaule. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kutsirizikira m'nyumba yawo, akazi awo ali pambali.

Chimenecho anamanidwa. Pa 9 Novembala, Mayi Esnat atapita kukatenga mankhwala ochepetsa ululu, alongo a mayiwa anapangana kuti mkamwini safera pamudzi pa eni, maliro angawavutitse. Munthu wolephera kumeza ndi malovu omwe anamumangirira panjinga ndi chitenje ngati thumba la nandolo, n'kudzamutula pakhonde panga. Sanakhale pansi, ngakhale moni sanapereke. Alamu, mwakhala apo patsinde pa mango, ndikukuonani. Zaka zonsezi munthu akukulimirani, kwawo mwadzakudziwa atadwala? Manyazi mulibe. Ine mtima ukundiwawa ndipo sindinakhululuke. Abambo Mfumu adzandithandiza tsiku lina, osati lero.

Mayi Esnat atapeza mphasa yokhayokha, anatsatira wapansi tsiku lomwelo. Abale awo anawaopseza kuti akachoka, munda wawo augawana. Anabwerabe. Miyezi itatu akhala pano, kuwamwetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni, kuwatembenuza, kuwachapira. Malemu za nyumba ija sanaleke kufunsa. Ankada nkhawa kuti mvula ikagwa chitseko chija chimafufuma, ndipo palibe wina wodziwa pochipala. Anatisiya Lachiwiri, pa 11 Febuluwale 2025, mutu atatsamira pamiyendo pa akazi awo.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Lydia, Mikaele ndi Tikhala, ndi zidzukulu zisanu. Ife abanja tikuthokoza anamwino amene sanatope nafe, amayi a mumphakati mwathu amene ankatitungira madzi, akwaya, ndi inu amene mwakumba manda m'matope chonchi. Mulungu akubwezereni. Amene sindinawatchule asadabwe, sindinaiwale.

Ndamva ena mukunong'onezana kuti chivundikiro cha bokosili chili ndi bowo la loko. Mwaona bwino. Dzulo m'mawa Mayi Esnat anabwerera kwa Mauwa ndi mwana wawo Mikaele, nazula chitseko chija ndi zida za amuna awo, n'kuchinyamula awiriwiri mpaka pano. Alamu, nyumba munkaifuna ija katengeni. Ili yasa, simukavutika n'kugogoda.

Achimwene, anakukanizani kufera kuseri kwa chitseko chanu. Lero muli kuseri kwake, ndipo palibe adzakutulutseninso. Mzimu wanu uuse mumtendere.