Maloboti Abwerera Loweruka

Pamzere wodikira basi, namwino wina ankaonera katuni pafoni. Makanika amene anaima kumbuyo kwake anaizindikira nyimboyo, mtima n'kumuwawa.

"Achemwali, si katuni ya maloboti osochera kumwezi imeneyo?"

"Yomweyo, bambo. Zigawo zatsopano zikuyamba Loweruka. Tadikira zaka ziwiri zathunthu. Inunso mumaonera?"

"Ndinkaonera ndi mwana wanga wamkazi, atakhala pamwendo pangapa. Tinapangana kuti zatsopanozi tidzayambira limodzi."

"Ndiye Lowerukali kwanu kukoma."

"Banja linatha chaka chatha. Mwanayo anapita ndi mayi ake, kutali."

"Pepani. Koma mumalankhulana?"

"Anandiimbira dzulo, akuseka. Akuti ndisadandaule, adzaonera ndi adadi ake atsopano, kenako adzandifotokozera mmene zathera."