A Padenga, Amene Analumikiza Nyumba Zathu

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1968, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhulane ndine mng'ono wawo. Atamaliza sekondale mu 1987, anakaphunzira za magetsi ndi mawailesi. Kunyumba tinasangalala, chifukwa wailesi ya bambo athu, imene malemuwa anaimasula ali mwana, inayambanso kulira.

Mu 1994 anamanga banja ndi alamu athuwa, omwe ndi aphunzitsi. Chaka chomwecho analembedwa ntchito pa kampani ina ya matelefoni.

Mu 2012 anayamba kukhoma timabokosi ta intaneti pamadenga a anansi. Kabokosi kalikonse kankapatsira kanzake uthenga, nyumba ndi nyumba, osadalira nsanja ya kampani. Kamodzi kakazima, uthenga unkadzera kwina. Pulogalamu yoyendetsera timabokosito ankailemba mothandizana ndi anzawo a m'maiko ena, ndipo aliyense ankaitenga ulere. Anthu anawapatsa dzina loti a Padenga. Alamu akafuna kuwaitanira chakudya, ankangotuluka panja n'kuyang'ana kumwamba.

Pulogalamuyo sinkasunga dzina la wotumiza uthenga. Mu 2015, wantchito wa pafakitale ina anadzera pa timabokosito poulula kuti mankhwala oopsa akutayiridwa mumtsinje umene timamwa. Malemu anatsekeredwa masiku anayi, akufunsidwa dzina la munthuyo. Anayankha kuti sakulidziwa, ndipo ngakhale akanalidziwa sakanalitchula. Ntchito inawathera pomwepo. Ife abale tinawadzudzula kuti aika ana pamavuto. Ineyo ndinatha chaka chathunthu osaponda pakhomo pano. Lero ndikuvomera pamaso panu kuti ndinalakwa.

Mu Januwale 2023 anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Miyendo itakana makwerero, ankakhala pampando pakhondepo n'kumalangiza amayi awiri a m'dera lino, omwe tsopano akusamalira timabokosi 140. Anatisiya kuchipatala Lachiwiri m'mawa, pa 6 Ogasiti 2024, dzanja lawo lili m'manja mwa alamu.

Asiya akazi awo, ana atatu ndi zidzukulu ziwiri.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, anansi amene ankasinthana nafe powadwazika, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa. Tithokozenso amene dzulo anasiya pakhomo kalata yopanda dzina, yonena kuti malemuwa anapulumutsa banja lake. Ngati muli pakati pathu, musaimirire. Khalani pomwe mulipo, mulire nafe.

Achimwene, mwatopa, kapumuleni. Mzimu wanu uuse mumtendere.