Manja Anga Sanachire, Koma Si Khate

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale umboni wanga ndi wochepa.

Ambiri mumandidziwa. Ndine uja ndinkaphika mchere kudambo, anthu nkumabwera kuchokera ku Chapananga ndi mapira kudzasinthitsa. Ana anga anakulira mchere umenewo.

Chaka chachitatu chino chiyambire manja awa. Kunayamba kuyabwa pakati pa zala. Ndinakanda. Khungu linauma, nkuyamba kung'ambika ngati dothi la padambo madzi akaphwa. Ndikangokhudza madzi a mchere, abale, ndi moto. Zinakwera mpaka m'zigongono, mpaka m'khosi umu.

Palibe chimene sindinayese. Ndinapaka phulusa, zinanyanya. Sing'anga ananditema mphini, mabala anangowonjezeka. Ndinasamba mizu yowawa mpaka thupi kununkha. Ayi ndithu.

Kenako kuchitsime kunamveka mawu akuti khate. Amuna anga anandimangira kanyumba kuseri kwa khola la mbuzi, nati, “Mayi, tayambani mwakhala kuno, tione.” Mbale yanga inakhala payokha. Mwana wanga wamkazi atabereka ndinapita, ndinatambasula manja kuti ndilandire mdzukulu. Iye anamufungatira nkunena chapansipansi, “Amayi, muoneni chabe.” Inu amayi muli panowa, mukudziwa. Ndinamuona chabe.

Amene analowa m'kanyumba kaja ndi a Zuwana okha, awo akhala kumbuyowo. Anandiperekeza ulendo wa tsiku lathunthu kwa mzungu wa mankhwala kumishoni. Iye anatenga singano nkundibaya pabala. Ndinadzidzimuka. Anati, “Wakhate samva pamenepo. Ichi ndi chikanga.” Ndinafunsa, “Nanga chidzatha?” Anangopukusa mutu. Anati mchere ndiusiye.

Ndinausiya. Miphika yanga anatenga ena.

Tsopano ndimachita zimene tinaphunzira ndi a Zuwana. Timakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, nkuwengula mafuta. Ndikasamba madzi ozizira ndimapaka khungu lisanaume. Zikhadabo ndimawenga. Pogona ndimakulunga manja m'kansalu kuti ndisadzikande. Kukayabwa kwambiri ndimanyowetsa nsaluyo, nkukhala pamthunzi kudikira.

Sindinama m'nyumba ya Mulungu. Sindinachire. Nyengo yozizira kumachepa, ndimati mwina basi. Dzuwa lathu lino likangobwera, zonse zimabwerera. Mawu a mzungu aja ndinawauza onse kumudzi, koma amati mzungu sadziwa matenda athu. Ndikadali kuseri kwa khola. Mdzukulu wayamba kukwawa, sindinamunyamulebe. Ndinapemphera kuti Ambuye andichotsere, ndinapemphera mpaka mawu anandithera. Sanachotse. Chifukwa chake sindichidziwa, ndipo ndinaleka kufunsa.

Mwina mukuti, nanga waimiriranji? Ndaimirira chifukwa sabata ino mabala sanatuluke magazi, ndipo dzulo ndasinja ndekha mapira, koyamba chaka chino. Ndi zokhazo ndili nazo. Mawa sindikudziwa.

A Zuwana, takhuta, tathokoza. Ambuye, pa zochepazi, zikomo.

Abale, kondwerani nane, ngakhale pang'ono. Potuluka ndikaima pakhomo paja. Amene angathe, andipatse moni wa dzanja.