Ndinatsekera Amalume M'shedi ya Mabokosi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Aleluya! Abusa, akulu a mpingo, amayi a mvano, ndi inu anzanga akumbuyoko amene mwayamba kale kuseka ndisanayankhule, moni nonse.

Ine ndine Malita, mwana wa mayi Nabanda a ku Hopley. Ndili Folomu 4. Amene simundidziwa nkhope, ntchito zanga mumazidziwa. Chule uja anatuluka m'thumba la chopereka pa Pasaka, ndinali ine. Mayunifolomu a kwaya osokedwa manja aja, ndinali ine. Abusa, pepani, lero ndi tsiku lonena zoona.

Koma lero sindinabwere ndi za chule. Munthu anafa, abale. Munthu anafa, ndipo amalume anga, a Binwelo, anatsala pang'ono kuwolera m'ndende chifukwa cha ine.

Amalumewo ndi kalipentala. Ntchito itawathera ku fakitale ku Willowvale, anamanga shedi ya malata kumapeto kwa Hopley n'kuyamba kukhoma mabokosi a maliro. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndiye mwini mbumba ndi iwowo. Mawu awo pakhomo pathu sabwezedwa. Itachitika ya chule ija anandikhazika pansi. Anati, "Malita, ukangochitanso kamodzi, sukulu yathera pomwepo. Ndikukweza basi ya ku Dedza, ukalime kwa amayi ako aakulu."

Dedza, abale! Ine wobadwira mu Harare muno, Dedza ndimangoimva m'nkhani. Ndinaopa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinayamba kuganiza zobwezera.

Loweruka lina m'mawa kunali mkangano pamjigo. A Mhofu, bambo amene ankayang'anira mzere wa zidebe, anakankha zidebe za amayi ndi phazi, nati mabhurandaya atunge pomaliza. Mabhurandaya ndife, ana a anthu a ku Malawi. Amalume anapsa mtima. Anakuwa pamaso pa anthu onse, "Iwe Mhofu, bokosi lako ndidzakhoma ndi manja angawa!" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.

Cha m'ma 11 koloko amayi anandituma kuti ndikawapatse amalume tiyi ku shedi. Ndinawapeza ali gone pamatabwa, pakamwa pali yasa. Loko ali lende pachitseko, kiyi ali pomwepo. Foni yawo inali itatsala kunyumba, ikutchajidwa pa sola. Abale, Satana sanavutike nane tsiku limenelo. Ndinakoka chitseko, loko khethe, kiyi m'thumba. Tiyi ndinamwa ndekha kuseri kwa njerwa.

Atadzuka anayamba kumenya malata. Kumenya, kukuwa, kumenya! Koma ndani amadabwa kumva kugogoda m'shedi ya kalipentala? Chapafupi pamenepo anyamata owotcherera anali atayatsa jenereta. Ine ndinaika foni pakabowo ka malata n'kujambula, n'kutumizira mnzanga Rudo. Cha m'ma 1 koloko ndinabwereranso kukajambula. Apa n'kuti akutukwana, mawu amene sindinganene m'nyumba ino. Ndinatumizanso kwa Rudo. Nthawi ya 4 koloko ndinatsegula mwakachetechete n'kuliyatsa liwiro. Sanandione. Ndinafika kunyumba nthiti zikuwawa ndi phwete.

Ndinapeza amayi ataima pakhomo, manja ali kumutu. Anati, "Malita, a Mhofu afa."

Afa? Munthu amene ankakankha zidebe m'mawa womwewo? Anthu anamuona masana itangokwana 12 koloko akugula chimanga chootcha. Pofika 2 koloko ana anamupeza m'munda kuseri kwa mjigo, atamenyedwa m'mutu ndi chinthu cholemera.

Apolisi anabwera Lamulungu m'mawa, tikukonzekera kubwera kuno. Anapeza dzanja la amalume litatupa. Anapeza shati ya dzulo lake ili ndi magazi, pamene lata linawacheka. Anatenga hamala. Anafunsa, "Dzulo masana munali kuti?"

"Ndinatsekeredwa m'shedi."

"Ndi ndani?"

"Sindikudziwa."

Wapolisi wina mpaka anatembenuka kuti aseke bwino. Anawamanga unyolo ine ndikuona. Ine ndikuona, abale, kiyi uja ndinali nditamutaya m'chimbudzi, pakamwa panga pali tseke.

Ndiye Hopley yonse inasanduka khoti. M'kombi, khoti. Pamjigo, khoti. Pa magulu a pafoni, khoti. "Bizinesi inavuta, mdalayo anafuna kasitomala." "Anthu a ku Malawi samasewera, ali ndi mankhwala." "Akuti anatsekeredwa! Ndi mzukwa wa m'bokosi kapena?" Kondakitala wina ankati akaona amayi amakuwa, "Apatseni mpando wakutsogolo, angatiyeze msinkhu!" Ngakhale muno, abale. Muno! Ndinamva ndi makutu angawa, panja apo pa mpopi wakufa uja, wina akuti, "Ife tinkaona kale kuti maso a Binwelo si abwino." Sinditchula dzina. Mwini wake waweramitsa kale mutu.

Ine ndinkati, munthu wosalakwa samakhalitsa. Sabata imodzi atuluka, n'kudzaseka tonse. Mavidiyo aja ndinafufuta. Sabata inatha. Mwezi unatha. Belo anawakaniza. Tsiku lililonse ndimati ndinena mawa, ndipo mawa likafika mawuwo amakhala atalemera kuposa dzulo. Poyamba ndinkaopa Dedza. Kenako ndinkaopa apolisi. Kenako ndinkaopa nkhope ya amayi. Miyezi khumi ndi umodzi, abale. Khumi ndi umodzi! Ndinkadya, ndinkapita kusukulu, ndinkaimba kwaya pomwepa.

Mlandu utayandikira ku Khoti Lalikulu, boma linawapatsa loya, mayi wachitsikana wochepa thupi, wovala magalasi. Nayenso anthu sanamusiye. "Munthu wophunzira n'kumateteza chigawenga? Amagona bwanji? Ntchito yake n'kuchapa magazi imeneyo." Atabwera kwathu ana anamuthamangira kumbuyo akukuwa kuti loya wa mfiti. Iye anangopukuta fumbi pansapato n'kukhala pampando.

Anauza amayi mosabisa. Anati, "Mayi, ine ndimawakhulupirira achimwene anu. Munthu wonama sangapeke bodza lopusa chonchi. Koma khoti silifuna chikhulupiriro changa, lifuna munthu amene anatseka chitsekocho. Popanda ameneyo, akhoza kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Ndipo iwo atopa. Akuti avomere kuti anamenya mwaukali, mwina zaka zichepe."

Amayi anakhala pansi pasimenti. Ine ndinali pomwepo ndikusenda mbatata. Sindinanenebe. Mukumva, abale? Sindinanenebe!

Loweruka lotsatira tinapita kukawaona ku rimandi. Ndinali ndisanapiteko, ndinkanamizira mayeso. Atatuluka kuseri kwa waya sindinawazindikire. Amalume anga aja a mapewa ngati chitseko, khosi litatsala ngati la nkhuku, akutsokomola. Anagwira waya n'kuuza amayi, "Mlongo wanga, ndaganiza mokwanira. Mwina ananditsekera ndi Mulungu, kundilanga chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndivomera basi. Zida zanga ugulitse. Koma Malita asasiye sukulu, mwanayu ali ndi mutu."

Abale inu. Munthu ndamuika m'manda ali moyo, iye akuganiza za sukulu yanga.

Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula pokha. "Si Mulungu, amalume. Ndine."

"Wati chiyani?"

"Ndinatseka ndine. Tiyi wanunso ndinamwa ndine."

Msilikali wa ndende amene anaima pambali anatsegula pakamwa osatsekanso. Amayi anandiyang'ana ngati aona njoka m'ndowa. Amalume anangoti, "Miyezi yonseyi, Malita?" Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa kuposa mbama imene amayi anandipatsa pageti.

A loya atamva anafunsa chinthu chimodzi, "Umboni uli kuti?" Ndinati ndinafufuta. Anavula magalasi n'kutseka maso. Kenako ndinakumbukira Rudo. Rudo uja safufuta kanthu, foni yake yosweka galasi ili ndi zithunzi za Giredi 7. Tinathamangira kwawo. Mavidiyo onse awiri analimo, tsiku lake ndi nthawi yake zili pomwepo. Rudoyo ankadziwa zonse, koma ndinali nditamulumbiritsa kuti asaulule. Aleluya chifukwa cha anthu osafufuta!

Kukhoti ndinaima m'kabokosi ka mboni. Loya wa boma anandiloza chala. "Iwe ukunama kuti upulumutse amalume ako. Si zoona kuti kusukulu umadziwika ndi bodza?"

Ndinati, "Zoona, bwana, ndimanama ndithu. Koma foni ya Rudo sinama."

Anaonetsa mavidiyo aja pakhoma. Amalume ali mkati, dzanja likuchucha magazi palata, 11 koloko. Amalume ali mkati, 1 koloko, akutukwana. Oweruza analamula womasulira kuti amasulire mawu onse m'Chingerezi. Bambo wachikulire wa tayi, thukuta lili kamukamu, kumasulira za agogo ake a munthu amene anatseka chitseko, ndi za mbuzi ya agogowo! Oweruza anaweramira pamapepala nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ine sindinaseke. Ndikunama, ndinaseka pang'ono.

Akatswiri atayeza foniyo n'kupeza kuti palibe chosinthidwa, ndiponso kuti magazi a pashati anali a eni ake, khoti linati a Binwelo alibe mlandu. Alibe mlandu, abale! Amayi analira mpaka panja. M'kombi pobwerera ndinafunsa ndi mawu apansi, "Amalume, ndilongedze za ku Dedza?" Anayang'ana pawindo. Kenako anati, "Anthu a ku Dedza anatilakwira chiyani?"

Tsopano amalume anabwerera kunyumba. Akumwa mankhwala a chifuwa chimene anatenga kundende, ndipo ntchito akugwira theka la tsiku. Makasitomala ena sanabwerere. Amene anapha a Mhofu sanapezeke mpaka pano. Mayi Mhofu timakumana nawo pamjigo, satipatsa moni, ndipo sindiwadandaula. Ana awo atatu alibe bambo. Muwapempherere. Amene munkaweruza m'kombi muja, muyambe ndinu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa panga, ngakhale mochedwa. Ndikuthokoza a loya aja amene munkawatcha ochapa magazi. Ndikuthokoza amayi, amene anayambanso kundiyankhula.

Pomaliza, akulu a mpingo anandilembera kapepala aka kuti ndiwerenge. Mzere woyamba ukuti, "Ndalapa chifukwa chokhala chete m'bale wanga akuvutika." Umenewo ndawerenga ndi mtima wanga wonse. Ndalapa, abale. Ndalapa, amalume. Miyezi imeneyo sindingakubwezereni.

Mzere wachiwiri ukuti, "Sindidzachitanso chibwana." Abusa, umenewu nditenge kunyumba ndikauganizire. Ndanama mokwanira chaka chino, sindingawonjezere lina nditaima paguwa.

Amalume, imirirani akuoneni. Imirirani, musachite manyazi. Awo, abale, pa benchi yachitatu uko. Aoneni bwinobwino munthu amene munamuweruza. Ameni.