Nambala Yofiira pa Chitseko cha Mayi a Makala

LOLEMBA

Takulandirani omvera, nthawi ya zilengezo yakwana. Amene mukuchapa tsekani kaye mpopi, mawa musadzanene kuti wailesi sinanene.

Gulu la achinyamata la Tidziwane likudziwitsa onse okhala m'dera la kuseri kwa njanji kuti lero liyamba kulemba manambala pa zitseko, kuchokera pa mpopi woyamba kutsika mpaka ku ngalande yaikulu. Akuti cholinga n'choti nyumba iliyonse ilowe m'kaundula wa ntchito ya chitukuko, komanso ambulansi ikamabwera isamafunse njira kwa ana. Kalembera adzatsekedwa Lachisanu masana, ndipo nyumba imene mwini wake sadzapezeka sidzalembedwa. Eni agalu akupemphedwa kuwamanga. Chilengezochi chachokera kwa wapampando wa gululi, amene anzake amamutcha Bulashi.

LACHIWIRI

Ichi ndiwerenga pang'onopang'ono, chifukwa chandikhudza.

Mtsikana wina wa m'gulu la amayi ophunzira kusoka akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mayi ake omubala asowa. Ambiri mumawadziwa kuti Mayi a Makala, aja amagulitsa pa mphambano ya ku mpopi wachiwiri. Akuti dzulo m'mawa anawasiya akulongedza makala m'timajumbo, koma pobwera kosoka masana anapeza nyumba ilibe denga, ilibe chitseko. Mphasa, mapoto ndi mbaula zapita, kwatsala makoma ndi mphaka.

Mayiwa ndi aafupi, a zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, amatsimphina mwendo wamanzere, ndipo zikhato zawo zimakhala zakuda ngakhale atasamba ndi sopo. Amene wawaona adziwitse mlamu wawo wometa pa siteji ya minibasi, kapena mng'ono wawo amene amasesa ku sukulu ya mkaka.

Pansi pa pepalali mtsikanayu walemba kuti: "Amama, sindinakwiye. Ndikugona kwa azakhali. Kungoti kumwambaku kwada, ndipo makoma athu mukuwadziwa, ndi a zidina. Mvula ikagwa tipeza matope okhaokha."

Chilengezochi chachokera kwa mwana wawo wamkazi, wa mashini achitatu kuchokera pa zenera.

LACHITATU

Bambo wokankha ngolo ya katundu pa msika akudziwitsa anthu a kuseri kwa njanji kuti iye si wakuba, ndipo amayi aleke kumuloza ndi milomo akamadutsa pa mpopi.

Akuvomera kuti ndi iye amene anasasula denga la Mayi a Makala Lolemba, koma akuti anachita kutumidwa ndi eni ake, iwo atagwira makwerero. Ananyamula malata khumi ndi limodzi, ndi chitseko chimodzi cholembedwa 47 ndi penti wofiira, penti wake asanaume n'komwe. Atafunsa kuti kwagwanji, mayiwo anamuyankha kuti: "Mwana wanga, kawiri konse anandilembera chofiira pakhomo, ndipo kawiri konse buludoza inabwera. Malata anga anapindika ngati pepala. Ulendo uno sandipeza. Nyamula katundu, mtsikana wanga ndidzamutenga ndikapeza pokhala."

Akuti katunduyo anamutsitsa pa mlatho, pomwe mayiwo anakwera naye lole, ndipo kumene inalowera iye sakudziwa. Chilengezochi chachokera kwa Mabuleki, mwini ngolo ya tayala limodzi lalikulu, lina laling'ono.

Mwamva kodi, a Bulashi? Galu wamkota sakandira pachabe.

LACHINAYI

Lero zilipo ziwiri, ndipo zabwera mu envulopu imodzi.

Gulu la achinyamata la Tidziwane likupepesa kwa makolo onse a kuseri kwa njanji, makamaka kwa Mayi a Makala kulikonse kumene ali. Akuti penti wofiira ndi amene anapatsidwa ndi wa shopu ya zomangira, ndipo iwo anangokondwa kuti akuoneka patali. Pagulu pawo palibe amene anali ndi nzeru nthawi imene anthu ankagumuliridwa nyumba, ndipo sanafunse. Dzulo amayi osoka anawaitana, kuwakhazika pa benchi, n'kuwafotokozera kuyambira m'mawa mpaka mashini onse kuzizira. Apezanso mabanja anayi amene anali atamanga kale katundu. Akutsimikiza kuti palibe nyumba imene igumulidwe, ndipo manambala onse awabwereza ndi penti wobiriwira. Chilengezochi chachokera kwa Bulashi, amene akuti dzinali pakali pano lamuwawa.

Safunsa anadya phula, achimwene. Komabe kupepesa mwapepesa bwino.

Chachiwiri. Gulu la amayi ophunzira kusoka likudziwitsa mamembala onse kuti mawa kulibe kusoka. Aliyense afike pa nyumba ya Mayi a Makala ndi pepala lapulasitiki kapena thumba, kuti akaphimbe makoma, paja mutu umodzi susenza denga. Akuti anapita kukapempha wolemba kaundula kuti mwana asainire mayi ake, koma wakana, akufuna chidindo cha chala cha mwini nyumba. Choncho akupempha aliyense amene akusunga mayiwa kuti awayandikizire wailesi. Nthawi ikangokwana thwelofu mawa, buku litsekedwa. Chilengezochi chachokera kwa mphunzitsi wa zosoka, mayi aja a tepi m'khosi.

LACHISANU

Omvera, chilengezo ichi sichinabwere pa pepala. Mwini wake ndamupeza pa benchi panja pano tisanatsegule, ndodo ili pambali. Kulemba ndalemba ndine, ndipo andichenjeza kuti ndisakometse kalikonse.

Mayi a Makala akudziwitsa mwana wawo, mlamu wawo wometa, mng'ono wawo ndi amayi onse osoka kuti ali moyo. Anali kwa mchimwene wa malemu amuna awo, wokonza matayala kutsidya kwa mlatho. Zonse azimva. Malata ndi chitseko zili m'njira, ndipo iwo akachoka pano akupita kukadinda chala. Achinyamata abwere ndi mahamala ndi misomali yatsopano, yakale ija inapindika. Bulashi amukhululukira, koma padenga akwere yekha. Kwa Mabuleki akuti pepani.

Atanena izi anandifunsa ngati nambala imeneyi ndi yoti munthu wakutali akhoza kuifunsa n'kufika. Ndawauza kuti inde. Ndiye anati ndiwonjezere izi.

Akudziwitsa mwana wawo woyamba, wamwamuna, wowotcherera zitsulo, amene anapita kukafuna ntchito zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, nyumba yachiwiri isanagumulidwe. Mwanawe, mayi ako anamva kuti unabwerako kamodzi, n'kupeza mpanda ndi malo oimika magalimoto pamene panali nyumba, n'kubwerera. Mawu awo ndi awa: "Sindinakubisalire, mwana wanga. Ndinalibe choti ndikuuze, poti kumene ndimakhala kunalibe dzina. Tsopano tenga cholembera. Kuseri kwa njanji, mpopi wachiwiri, nyumba nambala 47. Ukapeza palibe munthu, dikira, ndili pa mphambano."

Ndibwereza, ngati cholembera chinali patali. Kuseri kwa njanji, mpopi wachiwiri, nambala 47.

Chilengezochi chachokera kwa mayi ako.