Ndinazula Zitsa za Bambo Anga

Zaka zija tisanadziwe sola, parafini tinkagula wa m'kabotolo ku Malomo, ndipo akatha anali watha basi, koloboyi n'kuzima. Nkhuni zokha sitinkadandaula nazo, chifukwa phiri mukulionali, lili mbee leroli, linali bii ndi mombo ndi misuku.

Tsono iwe Tiyamike mdzukulu wanga, wandiwerengera za m'kope mwako kuti aphunzitsi agawa mphamvu pawiri: zotha monga parafini ndi petulo, ndi zobwereranso monga dzuwa, mphepo ndi nkhuni. Sananame aphunzitsiwo, koma nkhuni za phiri lino ndinazisamutsa ine ndi manja angawa, n'kuziika mbali ya parafini.

Bambo anga akamadula mtengo ankasiya chitsa chofika m'bondo, ndipo ankati, "Mwanawe, mtengo ndi wako koma chitsa n'cha mvula." Zoonadi mvula ikagwa mphukira zinkatuluka, pakapita zaka amayi n'kudzatema nkhuni pomwepo. Koma bambowo atamwalira ndinayamba kuotcha makala, ndipo anzanga anandinong'oneza kuti makala a chitsa ndi mizu ndiwo olemera, osanyeka msanga, ndiye ndinaika nkhwangwa pansi n'kutenga khasu. Ndinazula, ana inu, ndinazula mpaka kumtsinje, uku ndikuseka malemu bambo kuti ankasiya ndiwo m'mbale. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Lero sola ili padenga, ikuwalitsa m'nyumba ndi kutchaja mafoni anuwo, mawa dzuwa libweranso osalipempha, koma kasola kathuka sikaphika nyemba. Agogo anu aakazi akuphikira zitsononkho ndi mapesi, ndipo utsi wawadya maso. Dzulo anaphonya poto chifukwa sanamuone bwino, madzi owira n'kuwathira phazi. Kuvutika kwawoko ndiko kumandipweteka, pakuti nthawi ija ankandiletsa kuzula zitsa, ine ndikuwayankha kuti za amuna sazidziwa.

Kumunda kwa kumtunda kwatsala zitsa zitatu zamoyo, ndipo ndamva kuti amalume anu akufuna kuzizula aotchere njerwa. Ine sangandimvere, akudziwa amene anawaphunzitsa kukumba. Pitani inuyo, mukawapemphe mwaulemu azisiye, ndipo zikaphuka muzitchingire ndi minga mbuzi zisadye. Agogo anu masambawo sadzawaona ayi, koma mudzawagwire dzanja, mudzapite nawo akawakhudze.