Kangaude wa Febian

— Halo? Ndilankhulile mbali iti? Halo, Febian?

— Ndine. Kodi ndinu amama? Muli kuti?

— Pa positi, ku Petauke. Ndakwela lole ku Nyimba. Uli bwanji ku Broken Hill uko?

— Ndili bwino, kaya inu? Mwendo uja?

— Ukuyenda.

— Atate? Mvula yayamba?

— Atate ako alipo, mvula kulibe. Leka zimenezo, kalaliki wa pano wati mphindi zitatu basi. Kalata ya kangaude ija unalembela mkazi wako Olipa, n'chiyani?

— Mwaidziwa bwanji? Ndi ndakatulo, amama. Inali ya iye yekha.

— Olipa anaphunzila liti kuwelenga? Anawelenga ndi aphunzitsi a Josiah, ataimilila, tonse tili pa mphasa. Ati, “Ndine kangaude pa denga la eni, nditulutsa ulusi m'mimba mwanga, mphepo iutenge, kapena ukakola pa khomo lako.” Tsamba lonse. Ife kudikila tsiku lobwela iwe. Aphunzitsi anatembenuza pepala, kumbuyo mbee.

— Ndimanena kuti ndamusowa. Nanga anthuwo anasonkhanilanji?

— Jonas wa lole, amene tinamutuma ndi uthenga, sanakupeze?

— Sindinamuone.

— Ngati pali mpando khala pansi. Christabel anatisiya. Chikuku. Masabata awili apita.

— Amama... mwana wanga?

— Tinaika Lachinayi. Kalata yako inafika tili pa malilo. Tinayesa wamva uthenga, ndiye tinati iwelengedwe poyela. Atamaliza, Olipa anangodzuka n'kulowa m'nyumba.

— Ine sindinadziwe. Ndinailemba kale, mwana ali bwino.

— Ndinawauza zimenezo. A Vitalis, amalume ake a Olipa, anati munthu wotha zaka zitatu osagwila khasu m'munda mwa apongozi, osaona ndi manda a mwana wake, si mkamwini. Akufuna ukwati uthe. Anati Sabata lomwe lino. Ine ndinakhala pa khomo pawo, ndinati sindidzuka. Ndinapempha akudikile miyezi iwili, anakana. Tinathela pa kutha kwa mwezi uno.

— Olipa akuti chiyani?

— Akuti ukabwela adzalankhula. Ukalemba, asamuwelengele.

— Bwana sapeleka livi Khisimasi isanafike. Ndikachoka, nchito yatha.

— Ithe. Nchito ina udzaipeza.

— Simudziwa za kuno, amama. Anthu akugona pa geti kufuna malo anga. Ndiloleni ndilembele a Vitalis, ndiwafotokozele bwinobwino...

— Sadzatsegula. Kwela sitima mpaka ku Lusaka, basi ya ku Fort Jameson, utsike pa Nyimba. Ndiuze tsiku, ndikawauze lelo lomwe.

— Ndiyambe ndaona bwana mawa, kapena...

— Kapena si tsiku. Ndinalumbila pamaso pa anthu kuti ubwela. Bambo, dikilani, sanayankhe. Febian, akundilanda foni. Tsiku liti?

— Amama, ine...

— Halo? Febian? Halo?